Mnofu wa chambo: mafunso ndi mayankho pa zimene zimakulitsa nsomba

Wogula nsomba pa doko la Makawa kapena pa msika wa Mangochi asanafunse mtengo amayamba wainyamula, kuitembenuza, n'kuitsina pamsana kuti amve ngati ili ndi mnofu. Ndalama yake ikupita pa mnofuwo. Mlimi wa damu naye akamagula mbewu ndi chakudya amakhala akuyembekezera mnofu womwewo. Mafunso otsatirawa akukhudza mmene mnofu umapangikira m'thupi la nsomba, zimene zimaulamula, ndi dzanja limene ife a kunyanja tili nalo pa nkhaniyi, nthawi zambiri mosadziwa.

Kodi mnofu umene timadyawu umagwira ntchito yanji m'thupi la nsomba?

Ndi umene nsomba imasambirira. Mukaphika chambo n'kusenda khungu, muona kuti mnofu susweka mwachisawawa. Umagawika m'timagawo topindika, tondondozana kuyambira kuseri kwa mutu mpaka kumchira, kagawo kalikonse kolowa m'kanzake. Timagawo timeneti tikamakokana motsatizana, mbali iyi kenako mbali inayo, thupi limapindapinda ndipo nsomba imapita. M'kagawo kalikonse muli timaulusi tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo kaulusi kalikonse kanapangidwa ndi maselo ambiri amene anaphatikana.

Muonanso kamzere ka mnofu woderako m'mbali mwa nsomba, pansi penipeni pa khungu. Umenewo ndi wosambirira pang'onopang'ono tsiku lonse. Uli ndi magazi ndi mafuta ambiri, sutopa msanga. Woyerawo, umene uli wochuluka, ndi wothawira adani ndi wothamangira chakudya. Ndi wamphamvu koma umatopa mwachangu.

Nanga nsomba ikamakula, chimakula n'chiyani?

Timaulusi tomwe tilipo kale timanenepa, komanso tatsopano timabadwa pakati pa takale. Apa nsomba imasiyana ndi ng'ombe, mbuzi ngakhalenso munthu. Mwana wa ng'ombe amabadwa ali ndi pafupifupi timaulusi tonse timene adzakhale nato moyo wake wonse, chotsala n'kutinenepetsa basi. Koma nsomba za mitundu ikuluikulu zimapitiriza kuwonjezera timaulusi tatsopano mpaka zitayandikira theka la utali umene mtunduwo umafika.

Kaulusi kamodzi kali ndi malire, chifukwa kakanenepa kwambiri mpweya sufika bwino pakati pake. Ndiye nsomba imene inapanga timaulusi tambiri ili yaing'ono ndi imene ili ndi mwayi wodzakhala yaikulu. M'mera mpoyamba. Mitundu ing'onoing'ono imasiya msanga kupanga timaulusi tatsopano, n'chifukwa chake usipa, mutaudyetsa bwanji, sungafike pa mpasa ngakhale ziwirizi zili za banja limodzi.

Amalamula zonsezi ndani?

Majini. M'selo lililonse muli DNA, malangizo a kapangidwe ka thupi, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi langizo limodzi, kawirikawiri la kapangidwe ka puloteni inayake. Nsomba za banja la chambo zili ndi majini oposa 20,000, koma pa nkhani ya mnofu pali anayi amene amatsogolera.

Myf5 ndi MyoD ndi amene amauza selo kuti lidzakhala la mnofu, mwana wa nsomba akadali m'dzira. Myogenin imachititsa kuti maselowo asiye kugawikana, aphatikane n'kupanga kaulusi. MRF4 imathandiza kuti kaulusiko kakhwime. Mphamvu ya MyoD inaonekera mu 1987 ku Seattle, m'dziko la America, pamene Harold Weintraub ndi anzake anaika jini imodzi yokhayi m'maselo a mbewa omwe sanali a mnofu, maselowo n'kusanduka a mnofu.

Palinso Pax7, imene imasunga maselo ena osakhwima m'mbali mwa timaulusi. Maselo amenewa ndi amene amadzuka nsomba ikamakula kapena ikavulala. Majini onsewa ali mu chambo, mu mlamba, mu nkhuku, mwa inu ndi ine.

Ngati majiniwa amakulitsa mnofu, chimauletsa kukula mopitirira n'chiyani?

Ilipo jini yoletsa, dzina lake myostatin. Inatulukiridwa mu 1997 ndi Se-Jin Lee ndi Alexandra McPherron pa yunivesite ya Johns Hopkins. Iwo ataichotsa mu mbewa, minofu ya mbewazo inakula kuwirikiza kawiri kapena katatu. Chaka chomwecho zinadziwika kuti ng'ombe za mtundu wa Belgian Blue, zokhala ndi minofu yotupa thupi lonse, zili ndi myostatin yosagwira ntchito.

Kuletsako kuli ndi phindu lake. Mnofu umadya chakudya chambiri ndi mpweya wambiri, ndipo nsomba ya m'nyanja siidziwa ngati mawa idya. Thupi liyenera kusiyako mphamvu zopangira mazira, zolimbana ndi matenda ndi zopirira njala. Mu nsomba nkhaniyi ndi yolukanalukana kuposa mu ng'ombe: nsomba zambiri zili ndi myostatin ya mitundu iwiri kapena kuposa, ndipo imapezeka ikugwira ntchito ngakhale mu ubongo, m'maso ndi m'ziwalo zoberekera.

Ndiye chakudya chilibe kanthu?

Chili ndi kanthu kwambiri, moti kwa mlimi wa kuno ndicho choyamba. Majini amadikira uthenga. Pansi pa ubongo wa nsomba pali kachiwalo kamene kamatulutsa homoni yokulitsa thupi. Homoniyo ikafika ku chiwindi, chiwindi chimatulutsa puloteni ina yotchedwa IGF-1, ndipo iyi ndi imene imauza minofu kuti imange. Nsomba ikakhuta chakudya chokhala ndi mapuloteni, IGF-1 imachuluka m'magazi. Ikagona ndi njala masiku angapo, IGF-1 imatsika, ndipo majini ena monga atrogin-1 ndi MuRF1 amadzuka n'kuyamba kugumula mnofu kuti thupi lipeze mphamvu. Nsomba ya mutu waukulu ndi thupi lopyapyala imene mumaiona m'damu losasamalidwa yadya mnofu wake womwe.

Alimi ambiri amathira madeya okha. Madeya ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 pa 100 alionse, pamene nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba zimafuna 25 mpaka 35 kuti zikule bwino, ana ake kuposanso pamenepo. Kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire kumathandiza, chifukwa ndere ndi tizilombo ta m'madzi zimatseka mpata wina. Kusakaniza soya wokazinga ndi wopera kumathandizanso. Mbewu yabwino yodyetsedwa madeya okha siingaonetse ubwino wake, ndipo mlimi amatha kunena kuti anamugulitsa mbewu yoipa pamene vuto lili m'thumba la chakudya.

N'chifukwa chiyani nsomba zimaima kukula nthawi yozizira?

Thupi la nsomba limatentha kapena kuzizira motsatira madzi. Nsomba za banja la chambo zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30, ndipo akatsika pansi pa 20 zimachepetsa kudya. Mangochi ili ndi mwayi pamenepa poyerekeza ndi Dedza kapena mapiri a Zomba ndi Mulanje, kumene madamu amazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Komabe ngakhale kunyanja, mwera ukamaomba, chepetsani chakudya. Chimene nsomba sizinadye chimangowola n'kuwononga madzi.

Bwanji nsomba zazimuna zimakula kuposa zazikazi?

Yaikazi imathera mphamvu pa mazira. Chambo ndi makumba zimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo masabata amenewo mayiyo sadya. Amene anakokapo khoka nthawi yoswana anaonapo chambo chachikazi chikulavulira pamchenga mazira achikasu kapena tiana tosayamba kusambira bwino, mimba yake ili pululu. Yamphongo imakumba chisa ndi kuchiteteza, koma imadya.

N'chifukwa chake alimi akuluakulu m'maiko ambiri amaweta zazimuna zokhazokha. Ena amazisankha ndi manja poyang'ana kumimba, ena amapatsa tiana chakudya chokhala ndi homoni yachimuna m'masabata atatu kapena anayi oyambirira. Njira yachiwiriyi sisintha majini a nsomba, imangosintha ziwalo zimene zimakula.

Kodi nsomba za m'makheji zimakula msanga chifukwa chobayidwa jakisoni?

Ayi, chinsinsi chake ndi chakudya ndi madzi. Ulimi wa m'makheji, umene kampani ya Maldeco inayamba pa nyanja ku Mangochi cha m'ma 2004, umadalira chakudya chopangidwa mwaluso choperekedwa tsiku lililonse, pamene madzi a m'nyanja amadutsa m'kheji n'kubweretsa mpweya watsopano. M'kheji mulibenso mchenga wokumbapo chisa, choncho kuswana kumachepa. Kheji imodzi imakhala ndi nsomba masauzande ambiri, ndipo kuzigwira imodziimodzi kuti zibayidwe jakisoni kungaphe zambiri.

Akuluakulu amati chambo cha kale chinali chachikulu. Kodi majini ake anasintha?

Chifukwa choyamba n'chapafupi: chambo sitikuchipatsa nthawi yokula. Chimafuna pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswana m'nyanja, koma maukonde a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu amachigwira chikadali kasawala. Lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15, koma pitani pa doko lililonse mukaone zimene zili pa thandala. Ku nyanja ya Malombe chambo chinkaphedwa matani oposa 8,000 pa chaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 sichinkakwana ngakhale matani 1,000. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo, Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Koma pali chifukwa chachiwiri chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, popeza sichioneka. Ukonde umasankha. Pa nsomba zobadwa mwezi umodzi, imene ikukula msanga ndi imene imayamba kukodwa mu matchera. Yokula pang'onopang'ono, kapena yoyamba kuswana ikadali yaing'ono, imapulumuka n'kusiya ana. Mu 2002 David Conover ndi Stephan Munch a ku New York anayesa zimenezi pa kansomba ka m'nyanja yamchere kotchedwa Atlantic silverside. M'matanki ena ankachotsa zazikulu n'kusiya zazing'ono kuti ziswane, m'matanki ena ankachita mosemphanitsa. Patangotha mibadwo inayi, nsomba za m'matanki mosiyidwa zazikulu zinkalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri zinzake, zonse zikudya chakudya chimodzimodzi. Chiwerengero cha nsomba chimatha kubwerera m'zaka zochepa nyanja ikapuma. Majini a kukula akachepa mu mtundu, amatenga mibadwo yambiri kuti abwerere.

Apa ndi pamene kutseka nyanja mu Novembala ndi Disembala kumakhala ndi tanthauzo loposa kungosunga mazira. Chambo chachikulu chimene chafika m'madzi osaya kudzaswana ndi chimene chapulumuka zaka zingapo, ndipo chimaikira mazira ambiri kuposa chaching'ono. Makomiti a m'madoko akamalanda khoka nthawi imeneyi amakhala akuteteza mbewu yeniyeni ya nyanja.

Nanga m'damu langa, bwanji nsomba zikucheperachepera chaka ndi chaka?

Mwina mukuchita zomwezo ndi manja anu. Tsiku lokolola likafika, zazikulu zimapita ku msika, zazing'ono zimabwezedwa m'madzi kuti zikule, ndipo zimenezo ndi zimene zimakhala makolo a chaka chamawa. Palibe mlimi wa chimanga cha makolo amene amadya zisononkho zikuluzikulu n'kusunga tating'ono tofota kuti adzabzale, koma pa nsomba timachita zimenezo osaona cholakwika.

Onjezani kukwatirana pachibale. Madamu ambiri anayamba ndi nsomba zochepa zopemphedwa kwa mnansi, amene nayenso anapempha kwa mnansi wake. Pakapita zaka, nsomba zonse za m'mudzimo zimakhala za banja limodzi. Ana ake amafa ambiri, ena amabadwa opindika msana, ndipo kukula kumachepa. Chachitatu ndi kuthithikana. Makumba amayamba kuswana m'damu akadali aang'ono, tiana timadzaza madzi, chakudya n'kuperewera onse.

Kodi alipo amene anayesapo kukonza mbewu ya nsomba zathu?

Alipo. Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli National Aquaculture Centre, kumene Alfred Maluwa, mogwirizana ndi Bjarne Gjerde wa ku Norway, anachita kafukufuku wa makumba, Oreochromis shiranus. Anasonkhanitsa makumba a m'madzi anayi osiyana, kuwakwatitsa, kuyeza kulemera kwa ana a banja lililonse, n'kusankha makolo kuchokera m'mabanja okula bwino. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2006 ndi 2007, zinasonyeza kuti kukula msanga kwa makumba kumatengera kwa makolo ndipo kumawonjezeka mbadwo ndi mbadwo ukamasankha bwino.

Ntchito yotereyi siifuna kudziwa dzina la jini iliyonse. Kukula kumalamulidwa ndi majini mazanamazana, iliyonse ikuwonjezerapo pang'ono, ndipo wosankha makolo ndi sikelo amakhala akuwasonkhanitsa onse pamodzi. Chimene imafuna ndi kupirira. Mabanja a nsomba ayenera kusungidwa padera, kulembedwa ndi kudyetsedwa chaka ndi chaka, ngakhale ndalama za pulojekiti zitatha. Mukadumphitsa zaka ziwiri kapena zitatu, mabanja amasakanikirana ndipo mumayambiranso. Ine ndikuona kuti ndalama za boma pa ulimi wa nsomba zikanayenera kuyambira pamenepa, tisanakumbe madamu ena atsopano. Akatswiri alipo, ku Bunda, ku Domasi, ku Monkey Bay ndi ku sukulu ya za usodzi ya Mpwepwe konkuno ku Mangochi.

Bwanji osangoitanitsa tilapia ya ku Nile, imene akuti imakula msanga?

Imakuladi msanga, koma kumbukirani kumene liwirolo linachokera. Mbewu yotchuka ya GIFT inayamba kukonzedwa mu 1988 ku Philippines ndi bungwe limene lero limatchedwa WorldFish. Anatenga nsomba za ku Egypt, Ghana, Kenya ndi Senegal, kuphatikiza zina zimene zinali kale m'madamu a ku Asia, n'kumasankha. Patatha mibadwo isanu inkakula msanga ndi pafupifupi 85 pa 100 kuposa makolo ake oyamba. Njira yake ndi yomweyo ya ku Domasi, kungoti anaigwiritsitsa.

Malamulo a usodzi a dziko lino salola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nsomba sizikhalitsa m'damu: madzi akasefukira, monga timaonera kuno chaka ndi chaka, zimatsikira ku mtsinje mpaka kunyanja. Tilapia ya ku Nile imalanda malo oswanirana ndipo imakwatirana ndi abale ake. Mu 2002 asayansi a ku yunivesite ya Stirling ku Scotland anafalitsa kafukufuku wa ana obadwa pakati pa iyo ndi chambo cha karongae, ngakhale iyo ili ndi makromozomu (timitolo ta DNA) 44 pamene chambocho chili ndi 38. Ku nyanja ya Victoria, tilapia za komweko zinatsala pang'ono kutheratu tilapia ya ku Nile itafika. Mu 2013 kunalengezedwa kuti yapezeka kale m'madzi a mbali ya Tanzania amene amathira m'nyanja yathu. Majini ake akalowa mu chambo palibe amene angawachotsemo, ndipo chambo sichipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse kunja kwa dera la nyanja ino, Malombe ndi mtsinje wa Shire.

Kodi n'zotheka kungochotsa myostatin mu chambo?

Luso lake lilipo. Njira ya CRISPR, imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012, imalola kudula jini imodzi m'dzira la nsomba. Mu 2021 ku Japan kunayamba kugulitsidwa nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa madai yochotsedwa myostatin, yokhala ndi mnofu wochuluka ndi pafupifupi 20 pa 100. Nsomba zimenezo zimawetedwa m'matanki a pamtunda otsekedwa bwino kuti zisathawire m'nyanja.

Kuno zimenezi zingadutse m'lamulo la Biosafety Act la 2002. Koma funso lalikulu ndi lakuti nsombayo ingasungidwe kuti. Kheji imang'ambika, damu limasefukira, ndipo chambo chosinthidwa chingakumane ndi chambo cha m'nyanja tsiku lomwelo. Komanso mnofu wowonjezerawo umafuna mapuloteni owonjezera, amene mlimi wathu akulephera kale kugula. Kwa ife njira imeneyi ili kutali, ndipo sindikuona chifukwa choithamangira pamene kusankha makolo sitinakuchite mokwanira.

Kodi majini a nsomba za m'nyanja yathu anawerengedwapo?

Inde, ndipo nyanja ya Malawi ndi yotchuka kwa asayansi pa nkhani imeneyi. Mu 2014 DNA yonse ya mbuna ya mtundu wa Metriaclima zebra inafalitsidwa pamodzi ndi ya tilapia ya ku Nile. Mu 2018 Milan Malinsky ndi anzake anawerenga DNA ya mitundu 73 ya nsomba za m'nyanjayi n'kupeza kuti imasiyana ndi 0.1 mpaka 0.25 pa 100 basi. Kambuna ka m'miyala ya ku Chembe ndi ncheni yaitali ya m'madzi akuya zili pafupi chonchi. Chidwi chambiri cha kafukufukuyu chakhala pa mitundu, mano ndi nsagwada za nsombazi. Kukula kwa mnofu wa chambo ndi makumba, kumene kumakhudza mphika wa munthu, kukufunika ana athu amene akuphunzira sayansi akutengere pamtima.

Ndili ndi damu limodzi kapena awiri. Ndichitepo chiyani?

Sankhani makolo musanagulitse. Tsiku lokolola, patulani kaye nsomba zokula bwino, zathupi lodzaza ndi zosapindika, zazimuna ndi zazikazi zomwe, muziike m'kadamu kapadera. Fanizirani nsomba za msinkhu umodzi, chifukwa m'damu losakaniza yaikulu ikhoza kungokhala yakale. Musasunge ziwiri kapena zitatu zokha. Sungani makumi angapo, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu sinthanani zazimuna ndi mlimi wa kutali amene mbewu yake inachokera kwina, kapena funsani alangizi a za usodzi komwe mungapeze mbewu yodziwika gwero lake. Tiana tidyetseni bwino koposa m'miyezi yoyambirira, pamene timaulusi tatsopano tikupangika.

Mukakolola, phwetsani damu lonse liume, kuti zopinimbira zisatsalire n'kusakanikirana ndi mbewu yatsopano. Ndipo pogula mbewu tsegulani maso. Kansomba kopinimbira ka miyezi isanu ndi itatu kamafanana msinkhu ndi mwana wa miyezi iwiri, koma nthawi yake yabwino yokulira inapita kale. Yang'anani mutu ndi maso: zikakhala zazikulu poyerekeza ndi thupi, kameneko n'kakale. Tsegulani pakamwa pa zingapo. Mukapeza kena kali ndi mazira m'kamwa, mbewu yonseyo isiyeni.